Aluto ya Anangozo

Mukafunsa anthu a ku mishoni ya Mwalawankhunda za Misa yomaliza ya m'tchalitchi chakale, ambiri amayamba kukamba za mvula ndi kudula kwa feteleza. Si kuti anaiwala ayi. Pali nkhani zina zofuna munthu atakhala pansi, atatsitsa mawu, ndipo iyi ndi imodzi mwa izo.

Pamishonipo panali kanyimbo ka Chilatini kamene anthu ankangokatcha Kachidule. Kanali ndi mizere isanu ndi itatu basi, moti mayi wopopa madzi pamjigo ndowa isanadzaze, kanyimboko katha. Anabwera nako ndi wansembe wina wa ku Ulaya amene anthu anamupatsa dzina loti Chindevu, kale kwambiri, malata a tchalitchi akadali kung'anima. Iyeyo ankati wopeka kanyimboko anali katswiri wotchuka wa makedzana, munthu wopekera mafumu nyimbo zazitali zoimbidwa ndi zing'wenyeng'wenye zambirimbiri. Koma aka anakalemba masana amodzi, kulembera kakwaya ka kumudzi kwa mnzake, ndipo ngakhale kwawo komweko ndi ochepa ankakadziwa. Dzina la katswiriyo Chindevu ankalitchula, koma linali lokola pakhosi, sipanapezeke wolisunga. Pepala la nyimboyo linali limodzi lokha, ndipo chiswe chinalidya pamodzi ndi bokosi lomwe.

Chindevu anali ndi kaphunzitsidwe kakekake. Sankalola kuti kwaya iphunzirire pamodzi. A sopulano ankawakhazika pakhonde la sukulu, a tenala pansi pa bulugamu, a besi kuseri kwa uvuni wa njerwa, ndipo a aluto kumunsi, pansi pa mkuyu wa pachitsime. Iye n'kumazungulira gulu ndi gulu, mkanjo woyera uli fumbi lokhalokha. Tsiku lowaphatikiza ankalamula kuti aliyense atseke ndi chala khutu la mbali ya mnzake. "Womvera mawu a mnzake amataya ake," ankatero m'Chichewa chake chopindika. Anthu anamvera mpaka kupitiriza muyeso. Chindevu anabwerera kwawo, anamwalira, koma iwo anaimbabe Kachidule chala chili kukhutu, aliyense akudziwa njira yake yokha.

A Kalisito, mmisiri wa matabwa, analowa besi ndevu zisanamere. Mawu awo akatsika pansi mabenchi ankanjenjemera, ndipo kunena zoona bamboyu ankanyada nawo kwambiri. Mkazi anamupeza m'kwaya momwemo, Petronela wa kwa Ngozo, mtsikana wa aluto amene ankachedwa nthawi zonse pokwera kuchokera kumkuyu chifukwa ankayamba watungira mayi ake madzi. Anakhala m'banja zaka makumi asanu ndi chimodzi. Anangozo anali munthu wosatha kugwira ntchito ali chete. Posinja, potonola chimanga, pochapa, ankaimba chapansipansi aluto ya Kachidule, yomweyomweyo chaka ndi chaka.

"Anangozo, tatontholani, mundisokoneza besi," ankatero a Kalisito akupala thabwa.

"Besi yanuyo ndi dzira kodi, yoti ingasweke?" ankayankha mayiwo, n'kuseka, n'kutsitsa mawu pang'ono. Koma kuleka ndiye sankaleka.

Chilatini chitachoka m'tchalitchi, ng'oma ndi zisekese zitalowa, Kachidule kanatsala ka pamaliro a anthu a kwaya yakale basi. Bokosi likamatuluka, otsala ankaimirira pakhomo n'kukaimba, ndipo otsalawo ankachepa chaka chilichonse. Mkulu wa tenala asanamwalire anaphunzitsa ana ake awiri. A Benadeta, mng'ono wa Anangozo, ankaphunzitsa sopulano wofuna ndi wosafuna yemwe. Anangozo ankati atsikana adzawaphunzitsa akakolola. Koma Lachiwiri lina anapita kudimba kukathyola mpiru, osadandaula mutu n'komwe, ndipo anawapeza atagona pakati pa mizere, dengu lili pambali.

Pamaliro awo Kachidule sikanaimbidwe. Aluto akanaimba ndani? A Kalisito, amene anaperekeza nako anzawo oposa makumi atatu, anaima pakhomo la tchalitchi kukamwa kuli gwa, bokosi la mkazi wawo likudutsa mwakachetechete. Masiku otsatira anayesa kukumbuka zimene mayiwo ankaimba pamtondo paja. Anafufuza m'mutu monse osapezamo ngakhale liwu limodzi. Zinawapweteka kuposa imfa yeniyeniyo, chifukwa imfa sanaiitane iwo, koma khutu anatseka okha. Paja chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Patapita zaka zinayi, khoma la kumbuyo kwa tchalitchi linang'aluka kuchokera kudenga mpaka pansi, mng'alu woti mkono n'kulowa. Tchalitchi chatsopano chinali chitatha kale kumtunda, choncho wansembe analengeza kuti Misa yomaliza m'chakalecho idzachitika pakatha masabata awiri, ndipo Lolemba lake amisiri adzayamba kuchotsa malata. Inali nyengo yozizira, mphepo ikusesa makoko a chimanga m'minda.

Atatuluka m'tchalitchi, a Kalisito anaimitsa mayi Tereziya, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni amene ankatsogolera kwaya.

"Aphunzitsi, tchalitchi ichi chisagwe chisanamve Kachidule. Kathunthu, mawu onse anayi."

"Agogo, ine sindikukana. Koma aluto tiitenga kuti? Ndinafunsapo ansembe achikulire, akuti sakukadziwa. Pafoni ndinafufuza mpaka kutopa. Nyimbo yopanda dzina, yopanda mwini, mungaipeze bwanji?"

"Ndiikumbukira ine."

"Zaka zinayi zatha musanaikumbukire, agogo."

"Ndati ndiikumbukira."

Mayi Tereziya sanafune kulimbana ndi imvi. Anaitanitsa kwaya Lolemba madzulo.

Tsiku limenelo anaimba a sopulano, a tenala, ndi a Kalisito okha pa besi. Azimayi asanu ndi anayi a aluto anangokhala manja ali pamwendo. Kanyimboko kanayenda, koma pakati panali mpata, ngati pakamwa pa munthu wozuka dzino lakutsogolo. Azibambo a besi anapempha kuti aphunzitsidwe mbali yawo.

"Besi ili m'mimba muno, sithawa," anatero a Kalisito akudzisisita. "Tiyambe tapeza yotayikayo."

M'thumba la jekete lawo ankasungamo kachitsulo ka mphanda koyambira nyimbo, kamene Chindevu anawasiyira. Ukakamenya pabondo kamalira liwu limodzi, ndipo kwaya imatengera pamenepo. Lachiwiri m'mawa kachitsuloko sikanapezeke. Anakutumula jekete, anasesa pansi pa bedi, anapapasa m'mapalo a matabwa, koma ayi. Chakumasana kunafika azimayi awiri ochokera kunkhuni, mitolo ikadali pamutu.

"Agogo, kachitsulo kanu kaja kali pachitsime chakale, pamwala wovundikira."

"Nanga bwanji osanditengera?"

Azimayiwo anayang'anana. "Kakulira," anatero mmodzi. "Palibe wakamenya, koma kakulira."

Chitsime chija anthu anasiya kutungapo mjigo utabwera, ndipo njira yake inali itatsala ya mbuzi. A Kalisito anazengereza tsiku lonse, n'kunyamuka dzuwa litafiira. Atapitirira manda a ansembe anaona mayi patsogolo pawo akutsetsereka, ndowa yopanda madzi ili pamutu, nsalu atamanga pachifuwa monga azimayi ankavalira kale. Nkhope sanaione.

"Mwaswera bwanji, mayi? Kumeneko madzi kulibe."

Mayiyo sanachewuke n'komwe. Njira inakhota kuseri kwa chitsamba, ndipo a Kalisito atakhota nawo anapeza njira yokha, udzu uli chiimire.

Pansi pa mkuyu panali pozizira kuposa kumtunda. Kachitsulo kanalidi pamwala, katanyowa ngakhale kunalibe mame. Atawerama kuti akatole, anazindikira kuti nkhululu zonse zatonthola. Mbalame zobwera kudzagona mumtengo nazo zinali zii. Kenako anamva. Sikunali m'chitsime, sikunali mumtengo. Kunali ngati munthu akuimba kuseri kwa nyumba ali pantchito, osadziwa kuti wina akumva.

Chala chawo chinakwera chokha kupita kukhutu, chizolowezi cha zaka makumi asanu. Anachigwira ndi dzanja linalo n'kuchitsitsa. Anakhala pamwala n'kumvetsera. Unali mzere umodzi wokha wa aluto ija, woimbidwa katatu, monga Chindevu ankachitira pophunzitsa. Utatha kachitatu, nkhululu zinayambiranso zonse pamodzi.

Anakwera mtunda akubwereza mzerewo pakamwa, osayankha moni wa aliyense kuopa kuutaya.

Mawa lake anaimirira pamaso pa azimayi a aluto n'kutulutsa kaliwu kakang'ono, kokwera, kosiyana ndi chifuwa chawo chachikulucho. Azimayi anagwetsana ndi kuseka. Koma mayi Tereziya atalemba mzerewo m'kope n'kuuphatikiza ndi sopulano ndi tenala, kuseka kunatha. Mawuwo analowa pampata paja bwinobwino, osatsala, osapitirira. A Benadeta, amene maso anali atayamba kuchita khungu koma lilime lili lakuthwa ngati kale, analekeza pakati.

"Alamu, imeneyi mwaitenga kuti?"

"Ndakumbukira."

"Inu? Munthu woiwala chipewa chili pamutu?" Anawaloza chala. "Pamapeto paja mwakokera liwu. Ankakokera choncho ndi akulu anga okha. Chindevu ankawakalipira nazo."

A Kalisito anatola chipewa chawo n'kutuluka. Dzuwa litafiira anatsetserekanso kumkuyu.

Lachitatu anabwerako ndi mzere wachiwiri, Lachinayi wachitatu. Mayi wa ndowa uja ankamuona tsiku lililonse, patsogolo pang'ono, pamtunda womwewo, ndipo analeka kumupatsa moni. Galu wawo, amene ankawatsatira ngakhale kuchimbudzi, ankafika pamanda a ansembe n'kukhala pansi, osasunthanso. Mantha sanawachoke a Kalisito, koma pansi pa mantha panali kukoma kwina kumene sanakumve kwa zaka zinayi. Akakhala pamwala paja ankaona m'maganizo mishoni ya kale: belu la pemphero la Angelo likulira, atsikana akukwera mtunda ndi ndowa, utsi wa uvuni, ndi Chindevu akuthamanga pakati pa magulu anayi akukalipa m'zinenero ziwiri. Anthu onsewo anali atapita. Anazindikiranso kuti aluto ija si yongodzaza mpata monga ankaganizira. Inali ndi njira yake yokongola, yotsika pamene ena akukwera, yodikira anzake pakhomo la mzere uliwonse.

M'tchalitchi namo zinthu zinayamba kusintha. Wosesa anapeza mapazi onyowa pamasitepe, mapazi opanda nsapato, olowa okhaokha, pamene mvula inali italeka miyezi iwiri yapitayo. Benchi la aluto linkalira ngati wina wakhalapo, kumapeto kumene kunalibe munthu, ndipo azimayi anayamba kupanikizana mbali imodzi popanda wowauza. Mayi Tereziya ankawawerenga n'kupeza asanu ndi anayi, koma akatseka maso makutu ankamuuza nambala ina. Mayi wina woyembekezera anasiya kubwera, mwamuna wake atamuletsa. Palibe amene anatchula kanthu poyera. Ankangofulumira kutuluka kusanade, oyandikana nyumba n'kumadikirana.

Lachisanu mzere wachinayi unafika. Loweruka m'mawa mayi Tereziya anaumirira.

"Agogo, yatsala sabata imodzi. Azibambowa aphunzire besi lero."

"Chabwino, aphunzitsi, musachite kundikoka ngati mbuzi."

Anamenya kachitsulo pabondo, anakokera mpweya m'chifuwa, n'kutsegula pakamwa. Chimene chinatuluka chinali aluto. Azibambo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. A Kalisito anatsokomola n'kuyambiranso, koma inabwera aluto yomweyo. Anayesa mzere wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Besi imene anaiimba kuyambira ali mnyamata inali itafufutika, osatsala ndi chipsera chomwe. Atafika pa mzere wachisanu mawu anatsika okha pansi, mabenchi n'kunjenjemera monga kale. Wachisanu mpaka womaliza inalipo yonse.

A Benadeta anadzuka ndi ndodo yawo. "Alamu, tatulukani panja."

Anakaima kuseri, pafupi ndi mng'alu uja.

"Ndikudziwa kumene mumapita dzuwa likamalowa. Mishoni yonse ikudziwa. Kodi simukuona kuti akukusinthanitsani? Mzere kulowa, mzere kutuluka."

"Chindevu ananena kale. Womvera mawu a mnzake..."

"Musandiuze za Chindevu. Chindevu ankanena za amoyo. Awa ndi ena. Lekerani pomwepa, alamu. Tiimba theka ili ndi aluto, theka linalo ndi besi, Mulungu aphatikiza yekha."

"Imeneyo si nyimbo, ndi zigamba."

"Zigamba zomwezo zimafunda. Besi ikatha akutengani chiyani? Mwafunsa?"

A Kalisito anayang'ana kumunsi, kumene nsonga ya mkuyu inkaonekera. "Alamu, mkulu wanu anandiimbira nyimbo imeneyi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ine ndikumuuza kuti atonthole. Lero wabwera kudzandiimbiranso. Ndimusiye pakati kachiwiri?"

A Benadeta anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Tsiku limenelo a Kalisito anachita chimene anayenera kuchita zaka makumi awiri zapitazo. Anakhala ndi azibambo a besi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuwaphunzitsa mizere inayi yotsalayo, mayi Tereziya akulemba liwu ndi liwu. Anawabwereza mpaka pakhosi panauma. Kunyada konse kunali kutatha, ankachita kuwapempha kuti agwiritsitse. Koma theka loyamba la besi panalibe wolidziwa pa dziko lino. A Benadeta ndi ana a tenala analimva kambirimbiri, chala chili kukhutu.

Lolemba anatsetserekanso. Mzere wachisanu wa aluto unalowa, wachisanu wa besi n'kutuluka, ndipo ulendo uno anaumva ukuchoka, ngati dzino logwedera. Lachiwiri ndi Lachitatu zinali chimodzimodzi. Anaonda sabata imeneyo, chakudya chinkabwerera m'mbale, koma m'mawa uliwonse ankafika woyamba kutchalitchi ndi mzere watsopano.

Lachinayi mayi wa ndowa sanaoneke panjira. A Kalisito anakhala pamwala nthawi yaitali, mpaka anayamba kuopa kuti achedwa. Kenako nkhululu zinatonthola. Mzere womaliza unabwera pafupi kwambiri kuposa masiku onse, chakumanzere kwawo, pamene munthu angakhale ngati mukugawana mphasa. Sanachewuke. Unaimbidwa katatu, ndipo kachitatuko iwo anaimba nawo, mawu awiri panjira imodzi.

Utatha anakhalabe pomwepo.

"Anangozo," anatero chapansipansi. "Ndamva. Ndamva yonse. Ndi yokoma, mayi. Ndinali wopusa ine."

Anangomva kaphokoso kakang'ono pamwala, konga ka ndowa yodzaza ikamatulidwa pansi. Kenako nkhululu zinayamba. A Kalisito analira pamenepo monga sanalirire pamaliro, ndipo anakwera mtunda nyenyezi zoyamba zikutuluka.

Lamlungu tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Kunabwera anthu amene anabatizidwa m'menemo, amene anakwatitsidwa m'menemo, ena kuchokera kutauni ndi ana osadziwa n'komwe kugwada. Benchi lomaliza la mbali ya azibambo, limene linali pansi pa mng'alu, analitchinga ndi chingwe kuti pasakhale munthu. Mayi Tereziya anali atakonza kuti mizere inayi yoyamba iimbidwe popanda besi, azibambo adzalowe pa wachisanu. A Kalisito anavomera, ngakhale zinkawawawa kuti atavutika chonsecho kanyimboko kakhalabe kolumala.

Anthu atalandira Ukaristia, kwaya inaimirira. A Kalisito anachoka kwa azibambo n'kukaima pakati pa azimayi a aluto, nkhalamba yaitali ya jekete lakuda pakati pa zitenje. Ana anayamba kusekerera, amayi awo n'kuwatsina. Mayi Tereziya anakweza dzanja.

Sopulano inayamba, tenala inalowa, aluto inalowa. Ndipo pansi pa zonsezo panabwera besi.

Inachokera kumbuyo, pabenchi lotchingidwa lija. Sanali munthu mmodzi. Anali mawu a azibambo ambiri, okhuthala, odekha, osathamanga, ndipo matabwa a mabenchi ananjenjemera mpaka kutsogolo. Mayi wina wokalamba anagwira pakamwa atazindikira mawu a m'mphuno a malemu bambo ake. Wina anamva a mchimwene wake amene anafera ku migodi. Palibe amene anachewuka. Amene anali pafupi ndi chingwe amati mbali imeneyo ya thupi inazizira ngati atsamira mtsuko.

Koma pakati pa mawu onsewo panali ena otsogolera, akuya kuposa anzawo, amene mishoni yonse inkawadziwa. Anthu anayamba kuyang'ana a Kalisito mmodzimmodzi. Nkhalambayo inali pomwepo pakati pa azimayi, pakamwa pakutuluka aluto. Mawu a kumbuyowo sanali a unyamata wawo ayi. Anali a chaka chomwecho, okhala ndi kakusasa kamene kanayamba ndi chifuwa cha mwezi wathawo.

A Kalisito anawamva. Nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene wakumana ndi mbale wake panjira yachilendo, koma sanaphonye liwu. Pa mzere wachisanu mayi Tereziya analoza azibambo ake, koma onse anali atauma, pakamwa pali yasa. Akumbuyo aja anapitiriza okha mpaka kumapeto. Mawu anayi anakumana pa liwu lomaliza, analigwira, n'kulisiya pang'onopang'ono. Kachidule kanamveka kathunthu, ndipo amene analipo amati sanamvepo chinthu chokoma ndi choopsa chotero.

Wansembe anaima paguwa nthawi yaitali buku lili chitsegukire. Pomaliza anadalitsa anthu ndi mawu ochepa, ndipo onse anatuluka mwakachetechete, opanda nyimbo yotulukira.

Panja, padzuwa, a Benadeta anapapasa mpaka anagwira mkono wa jekete lakuda.

"Alamu, mwawamva?"

A Kalisito anamwetulira, anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Milomo inayenda, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso, anagwira pakhosi, anatsokomola, ndipo ngakhale chifuwacho chinali chopanda phokoso. Anthu anawazungulira. Mayi Tereziya anayamba kufunsa amene anabwera ndi galimoto kuti athamangire nawo kuchipatala.

"Musavutike nawo," anatero a Benadeta. Misozi inkatsika, koma mawu awo sananjenjemere. "Sakudwala awa. Mawu awo atsogola. Akawapeza komweko."

A Kalisito anagwedeza mutu kuvomera. Anasisita dzanja la mlamu wawo, anavala chipewa, n'kuyamba ulendo wa kunyumba pang'onopang'ono, anthu akupatuka kuwapatsa njira. Anakhala ndi moyo zaka zina zitatu, akupala matabwa ndi kupita ku Misa monga kale, ndipo sanalankhulenso.